Mbiri ya manambala awiri m'foni yanu: 900 ndi 1800

Amene munagwirapo Nokia 3310, kapena foni ina iliyonse ya mabatani ya m'zaka za m'ma 2000, mwina mukumbukira kuti pa katoni yake kapena m'kabuku kake panali polembedwa GSM 900/1800. Ogulitsa ena anali kuchula mawu akuti dual-band pofuna kuonetsa kuti foniyo ndi yapamwamba, ndipo ife ogula tinali kugwedeza mutu ngati tamva. Lero mawuwa anazimiririka. Tikalowa m'sitolo timafunsa za kamera, za batire ndi za malo a SIM kadi. Koma manambala awiri aja akali kugwira nchito m'matumba mwathu, ndipo ndiwo amatithandiza kumvetsa cifukwa cake munthu wa ku Kapata mu Chipata amakamba pa foni ali gone m'nyumba, pamene mbale wake wa kumudzi amayamba wakwera culu.

Mbiri ya manambalawa inayambira ku Ulaya, kaamba ka mavuto a anthu a m'mizinda ikuluikulu. Itafika kuno inasanduka nkhani ya tauni ndi mudzi, ndipo mpaka lero ikali yosatha. Tiyeni tiilondole bwino.

Bandi n'ciyani?

Ife ogwira nchito pa wailesi mawu akuti bandi sitiwaona acilendo. Wailesi zakale zinali ndi kabatani kokankha kolembedwa MW, SW ndi FM. Mukafuna nyimbo za pafupi munali kukankhira ku FM, mukafuna nkhani zocokera kutali munali kupita ku SW n'kuyamba kusakasaka pang'onopang'ono. Makolo athu anayamba kale kudziwa zimenezi: wailesi ija yochuka ya Saucepan Special, imene inafika mu 1949 kuti anthu azimvera siteshoni ya ku Lusaka, inali ya mafunde a SW. Cigawo ciliconse pa kabatani kaja ndiye bandi.

Mafunde a wailesi amawerengedwa poona kuti amagwedezeka kangati pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kamodzi pa sekondi ndi hertz imodzi, dzina locokera kwa Heinrich Hertz wa ku Germany, amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1880 kuti mafundewa alikodi. Kugwedezeka miliyoni imodzi pa sekondi ndiye MHz imodzi. Masiteshoni onse a FM amakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo funde limodzi pamenepo limatalika pafupifupi mamita 3. Foni ya m'manja nayonso ndi wailesi, kungoti iyo imamva ndiponso imaulutsa. Ikakhala pa 900 MHz, funde lake limatalika masentimita 33, kuposako pang'ono rula ya mwana wa sukulu. Pa 1800 MHz limafupika kufika masentimita 17, pafupifupi ngati bolopeni.

Mafunde ali ngati munda. Saonjezeka, ndipo anthu awiri sangalime mzere umodzi. Masiteshoni awiri oyandikana akaulutsa pa nambala imodzi, womvera amangomva phokoso. N'cifukwa cake pali ogawa malire. Pa dziko lonse nchitoyi ili m'manja mwa bungwe la ITU la ku Geneva, limene linagawa dziko m'zigawo zitatu. Africa ali m'cigawo cimodzi ndi Ulaya, pamene America ali m'cigawo cina. Kuno kwathu wogawa ndi ZICTA. Angakhale siteshoni yaing'ono ya m'dera, ikalandira laisensi ku IBA, iyenera kupatsidwa nambala ya mafunde ndi ZICTA isanayambe kuulutsa.

Aliyense ndi munda wake

Mafoni oyamba oyenda nawo anali a m'galimoto, ndipo anayamba ku St. Louis ku America mu 1946. Mzinda wonse unali kudalira nsanja imodzi yamphamvu yokhala ndi tinjira tocepa, conco anthu owerengeka cabe ndiwo anali kukamba pa nthawi imodzi. Mu 1947 Douglas Ring wa ku Bell Labs analemba maganizo ena. Anati mzinda ugawidwe m'timadera tating'ono tooneka ngati zisa za njuci, kadera kalikonse kakhale ndi nsanja yake ya mphamvu zocepa. Motero kanjira kamodzi kangagwiritsidwe nchito mobwerezabwereza m'timadera totalikirana, monga mmene siteshoni ya ku Lundazi ndi ina ya ku Livingstone zingathe kukhala pa nambala imodzi ya FM popanda kusokonezana.

Panapita zaka zambiri kuti maganizowa atheke. Pa 3 Epulo 1973 Martin Cooper wa kampani ya Motorola anatuma foni ataimirira mumsewu ku New York, atanyamula cipangizo ca m'manja. Mu 1983 netiweki ya AMPS inatsegulidwa ku Chicago pa bandi ya 800 MHz, ndipo foni yake ya Motorola DynaTAC inali kugulidwa madola 3,995.

Ku Ulaya dziko lililonse linatsata njira yake. Sweden, Norway, Denmark ndi Finland anagwirizana pa NMT, imene inayamba mu 1981 pa 450 MHz. Britain anatsegula TACS mu 1985 pa 900 MHz. West Germany anali ndi C-Netz, France anali ndi Radiocom 2000. Foni yogulidwa ku London inali kusanduka mwala ikafika ku Paris. Ndiponso popeza msika wa dziko lililonse unali waung'ono, mafoni anali okwera mtengo kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga. Mu 1982 bungwe la CEPT, logwirizanitsa maofesi a mtokoma ndi lamya a ku Ulaya, linakhazikitsa gulu lochedwa Groupe Spécial Mobile, kumene kunacokera zilembo za GSM. Pa 7 Seputembala 1987 makampani ocokera m'maiko 13 anasainirana pangano ku Copenhagen kuti onse adzamanga netiweki ya mtundu umodzi. Caka comweco maiko a European Community analamulidwa kusunga malo a pa 900 MHz kuti akhale a nchito imeneyi. Pa 1 Julayi 1991 Harri Holkeri, amene anali atakhalapo nduna yaikulu ya Finland, anatuma foni yoyamba ya GSM pa netiweki ya Radiolinja.

Mmene 900 inadzazira

Bandi ya GSM 900 inakonzedwa ngati msewu wa mbali ziwiri. Mawu ocoka pa foni kupita ku nsanja amayenda pakati pa 890 ndi 915 MHz. Ocoka ku nsanja kubwera pa foni amayenda pakati pa 935 ndi 960 MHz. Mbali iliyonse ndi yotambalala 25 MHz, ndipo inadulidwa m'tinjira 124. Kanjira kalikonse amagawana anthu 8 mosinthana: foni yanu imakamba kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, imakhala cete kuti anzake 7 akambe, kenaka imayambanso. Imacita zimenezi maulendo 217 pa sekondi, mwamsanga kwambiri moti khutu silizindikira. Koma masipika amazindikira. Kaphokoso kaja ka "dididi-dididi" kamene kamamveka pa wailesi kapena m'chalichi foni ikatsala pang'ono kulira ndiko kuyaka ndi kuzima kumeneku. Ndico cifukwa cake m'situdiyo timapempha alendo kuti aike mafoni kutali ndi maikolofoni.

Mukaculukitsa 124 ndi 8 mupeza malo 992. Ciwerengeroci cioneka cacikulu, koma ganizirani kuti makampani awiri kapena atatu ayenera kugawana, nsanja zoyandikana sizingagwiritse nchito kanjira kamodzi, ndipo malo ena ndi a mauthenga oyendetsera netiweki. Nsanja imodzi imatsala ndi tinjira tocepa. Walira mvula walira matope: GSM itakondedwa, mizinda ya ku Ulaya inayamba kudzaza. Pambuyo pake bandiyi anaifutukula pang'ono poonjezera tinjira 50, koma vuto silinathe.

Njira ina inacokera ku Britain. Kumeneko malo a pa 900 anali kale m'manja mwa Vodafone ndi Cellnet. Mu 1989 boma linafuna kuti makampani atsopano alowe kuti pakhale mpikisano, ndipo linawalozera malo amene anali ndi mpata, kufupi ndi 1800 MHz. Akatswiri anatenga GSM yomweyo n'kuikweza pamwamba, naicha DCS 1800. Kumeneko mawu okwera amayenda pakati pa 1710 ndi 1785 MHz, otsika pakati pa 1805 ndi 1880 MHz. Mbali iliyonse ndi 75 MHz, kuwirikiza katatu malo a pa 900, ndipo tinjira tilipo 374. Kampani ya Mercury One2One inatsegula netiweki yoyamba ya mtunduwu ku London mu Seputembala 1993, Orange inatsatira mu Epulo 1994, ndipo E-Plus inayamba ku Germany caka comweco.

Munda watsopanowu unali waukulu, koma unali ndi vuto lake. Mafunde a 1800 safika patali. Ngati mphamvu ndi tinyanga tolandirira zili za mtundu wofanana, zimene zimafika pa foni pa 1800 zimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a zimene zikanafika pa 900. Mafunde afupiafupi amavutikanso kupinda kuseri kwa phiri ndi kudutsa m'zipupa kapena m'masamba a mitengo. Kuonjezera apo, foni ya m'manja imaloledwa kuulutsa mawati 2 pa 900, koma wati imodzi cabe pa 1800. Conco makampani a 1800 anafunika nsanja zambiri kuti afike pamene anzao anafika ndi nsanja zocepa.

Vuto lina linali m'manja mwa wogula. Foni inali kumva bandi imodzi cabe. Mwacitsanzo, mu 1998 Nokia inatulutsa foni ya maonekedwe amodzi m'mitundu itatu: 5110 ya pa 900, 5130 ya pa 1800 ndi 5190 ya ku America. Kunja zinali ngati mapasa, koma munthu wa 5130 akapita ku dziko limene kunali 900 yokha, foni yake inali kukhala cete.

Foni yomva mbali ziwiri

Mafoni a dual-band, omva 900 ndi 1800, anayamba kugulitsidwa mu 1997, ndipo imodzi mwa oyambirira inali Motorola 8900. Nokia 6150 inabwera mu 1998. Imene inafikitsa luso limeneli kwa anthu wamba ndi Nokia 3210 ya mu 1999 ndi 3310 ya mu 2000, imene inagulidwa yokwana mamiliyoni 126.

M'kati mwa foni yotere muli kanyanga kokonzedwa kuti kazimva mabandi onse awiri, zosefera ndi zokuzira mphamvu za bandi iliyonse, ndi kaswichi kosankha mbali. Foni imakamba pa bandi imodzi pa nthawi imodzi. Ili ngati wailesi yakale ija ya kabatani, kungoti kabataniko kamakankhidwa popanda inu kudziwa.

Mukayatsa foni, iyo imayamba yamvetsera. Nsanja iliyonse ili ndi kanjira kamodzi kamene kamaulutsa usana ndi usiku, kulengeza dziko ndi kampani yake. Nambala ya Zambia ndi 645, ya Malawi ndi 650, ya Mozambique ndi 643. Foni imasakasaka m'mabandi onse awiri, imayerekeza zimene yamva ndi zolembedwa pa SIM kadi yanu, n'kusankha nsanja yoyenera. Timizere timene mumaona pa kona ya foni timaonetsa mphamvu ya nsanja imeneyo.

Mukayamba kukamba, foni siileka kumvetsera. Pafupifupi kawiri pa sekondi imatumiza lipoti louza netiweki mmene ikumvera nsanja imene ilipo ndi nsanja zina zoyandikana zosapitirira 6. Wosankha ndi makina a kampani, osati foni. Makinawo akaona kuti kwina kuli bwino, amalamula foni kusamuka, kaya kupita ku nsanja ina kapena ku bandi ina pa nsanja yomweyo, inu muli pakati pa ciganizo. Kawirikawiri makampani amakankhira ku 1800 aliyense amene ali pafupi ndi nsanja, kuti 900 itsalire amene ali patali kapena m'kati mwa nyumba.

Ganizirani ulendo wa basi kucoka ku Intercity mu Lusaka kupita ku Chipata. M'tauni, mmene anthu ndi oculuka ndipo nsanja zili pafupipafupi, foni ingathe kukhala pa 1800. Nyumba zikayamba kucepa ndipo nsanja zatalikirana, 900 ndiyo imakunyamulani. M'mapiri a Manenekela, pamene phiri lingachinge nsanja, mabandi onse awiri angalephere. Ndipo angakhale pa cigwa coyalana bwino, GSM wamba ili ndi malire a makilomita 35 kucoka pa nsanja. Cifukwa cake ndi kusinthana kuja kwa anthu 8: foni ikakhala kutali kwambiri, mawu ake amafika mocedwa n'kugwera m'nthawi ya mnzake.

Pano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timasokoneza. Dual-band ndi dual SIM ndi zosiyana. Foni ya Tecno kapena itel yolowa makadi awiri imakulolani kukhala ndi makampani awiri. Mabandi ndi misewu ya mumlengalenga imene foni imatha kuyendamo, kaya muli kadi imodzi kapena awiri. Ngati foni siimva bandi imene nsanja ikuulutsa, kusintha kadi sikuthandiza.

America inapita kwina

Ku America mbiri inayenda mosiyana. Malo a AMPS a pa 800 aja anapitiriza kugwira nchito, ndipo lero amachedwa 850. Malo a kufupi ndi 1800 anali m'manja mwa boma, conco bungwe la FCC linatsegula bandi ya 1900 MHz n'kuigulitsa pa okushoni kuyambira mu 1994. Netiweki yoyamba ya GSM pa 1900 inatsegulidwa ku Washington mu 1995. Mwa ici, mawu akuti dual-band ku America amatanthauza 850 ndi 1900, pamene kuno amatanthauza 900 ndi 1800. Nokia 1100 ya mu 2003, imene inagulidwa yoposa mamiliyoni 250, inali ndi mtundu wa 900/1800 ndi wina wa 850/1900.

Apa ndi pamene panagona cinsinsi ca mafoni amene abale anali kutumiza kucokera ku America n'kukana kugwira. Ena anali okhomedwa ndi kampani, ndipo amisiri a pa msika anali kuwatsegula. Ena anali a CDMA, opanda ndi polowetsa kadi pomwe. Koma ena anali otseguka bwinobwino, kungoti anali kumvetsera malo amene kuno kulibe woulutsa. Foni yocokera ku London kapena ku Johannesburg inalibe vuto limeneli, pakuti tili m'cigawo cimodzi ca ITU. Opanga mafoni anayankha poonjezera mabandi: Motorola Timeport ya mu 1999 inali kumva atatu, ndipo RAZR V3 ya mu 2004 inali kumva onse anayi.

Kufika kwake mu Zambia

Mu 1994 kampani ya boma ya PTC inagawidwa pawiri kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo lamulo latsopano linakhazikitsa Communications Authority, imene mu 2009 inalowedwa m'malo ndi ZICTA. Zimene zinatsatira zinafanana ndi cisokonezo ca ku Ulaya cija. Zamtel inayamba ndi netiweki ya analogi pakati pa zaka za m'ma 1990. Telecel inatsegula ya CDMA mu 1997. Zamcell inabwera ndi GSM mu 1998. Makampani atatu, mitundu itatu, ndipo foni ya kumodzi siinali kugwira kwina.

GSM inapambana kaamba ka msika. Popeza maiko ambiri anali ataisankha, mafoni ake anali kupangidwa mamiliyoni ndipo mtengo unali kutsika. SIM kadi inalola munthu kugula foni yogwiritsidwapo kale nchito n'kungolowetsa kadi yake. Makadi okala aja analola munthu kugula mphindi zolingana ndi thumba lake, popanda bilu ya pa mwezi. Telecel inasiya CDMA n'kulowa GSM, ndipo mu 2005 inagulidwa ndi MTN. Zamtel inatsegula Cell Z. Zamcell inasintha maina kukhala Celtel, kenaka Zain mu 2008, ndi Airtel mu 2010. Mu 2000 malamya a waya anali osakwana 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni 10, conco kwa ambiri a ife foni ya GSM ndiyo inali lamya yoyamba m'banja.

Ku Ulaya 1800 inabwera cifukwa 900 inadzaza. Kuno vuto lalikulu linali mtunda. Zambia ndi dziko la masikweya kilomita oposa 750,000, ndipo midzi yake ndi yotalikirana. Nsanja iliyonse imafuna msewu, magetsi kapena jenereta, mafuta ndi mlonda. Kampani yofuna kufika kutali ndi ndalama zocepa imasankha 900, n'kuonjezera 1800 m'matauni mmene anthu apanikizana. Mwayi wathu unali wakuti pamene netiweki inali kufalikira m'zigawo, mafoni a dual-band anali atakhala kale wamba. Sitinafunike kugula foni ya m'tauni ndi ina ya kumudzi. Foni imene inapangidwa kuti ithetse kupanikizana kwa ku London inakhala foni yoti mlimi angacoke nayo ku Chadiza, kukagulitsa mbewu ku Soweto Market, n'kubwerera nayo ikugwirabe.

Amene tikhala kufupi ndi malire timadziwanso mbali ina. Malawi ndi Mozambique amagwiritsa nchito mabandi omwewa. Ndiye cifukwa cake mukaoloka pa Mwami kupita ku Mchinji mumangogula kadi ya TNM kapena Airtel Malawi n'kuika m'foni yomweyo, ndipo mukadutsa pa Chanida mumacita cimodzimodzi ndi Vodacom kapena Movitel. Mafunde sadziwa malire, moti m'midzi ya m'mphepete foni nthawi zina imalumphira yokha ku nsanja ya tsidya lina ngati ya kuno yafooka.

Dambo ndi mtunda

Masiku ano foni ya intaneti imamva mabandi ambiri, khumi kapena kuposerapo, koma lamulo lakale silinasinthe. Mafunde otsika amapita kutali koma malo ake ndi ocepa. Mafunde okwera ali ndi malo ambiri koma amathera pafupi. 3G inabwera pa 2100 MHz, ndipo ambiri tinaona kuti ukangotuluka m'Boma intaneti imabwerera ku kacilembo ka E. 4G m'maiko ambiri inakhazikika pa 1800 yomwe ija. MTN inatsegula 5G mu Zambia mu Novembala 2022, kuyambira m'matauni.

Mabandi a pansi pa 1000 MHz ali ngati dambo: ndi ocepa, onse amawafuna, ndipo ndiwo amadyetsa mudzi. Mbali yaikulu ya dambo limeneli inali m'manja mwa wailesi yakanema ya analogi. Pangano la ku Geneva la mu 2006 linaika 17 Juni 2015 kukhala tsiku lomalizira kusamukira ku dijito. Msonkhano wa ITU wa mu 2007 unapereka bandi ya 800 ku mafoni m'cigawo cathu, ndipo mu 2012 maiko a mu Africa ndi a Aluya analimbikira kuti 700 nayonso iperekedwe. Conco madikoda a TopStar amene tinauzidwa kugula sanali nkhani ya zithunzi zoyera cabe. Kusamukako kunamasula malo oti intaneti ya pa foni ifike kutali. Kuti tione mtengo wa dambo limeneli, mu 2022 Airtel Zambia inalipira ZICTA ndalama zokwana madola mamiliyoni 29 pogula malo a pa 800 ndi 2600 MHz.

Nsanja nazonso zawonjezeka, makamaka pa pulogalamu ya boma ya nsanja 1,009 imene inayamba mu 2017. Koma nsanja kuoneka pa phiri sindiye kuti nkhani yatha. Funso ndi lakuti ikuulutsa ciyani, pa bandi iti. Nsanja ya 2G yokha pa 900 idzanyamula mawu ndi ndalama za pa foni, koma mwana wa sukulu sadzatsitsa nayo buku. Nsanja ya 4G pa 1800 yokha idzathandiza a pa msika, koma a kutsidya kwa mtsinje adzatsala, makamaka m'dzinja mitengo ikavala masamba.

Palinso nkhani ina imene ikubwera. Malo a pa 900 ndi okoma kwambiri moti makampani amafuna kucotsapo 2G kuti aikepo zatsopano. Telstra ya ku Australia inazima 2G mu 2016, AT&T ya ku America ndi makampani a ku Singapore anazima mu 2017, ndipo ku South Africa nkhani yozima 2G ndi 3G yakhala ikukambidwa kwa zaka. Kuno mafoni a mabatani, ambiri a iwo a 900/1800 monga 3310 ija, ndiwo ali m'manja mwa agogo olandira ndalama kucokera kwa ana a m'tauni, alimi odikira uthenga wa feteleza, ndi omvera amene amatuma foni pa mapulogalamu athu a zaumoyo ndi zaulimi. Batire lake limakhala masiku angapo, cinthu cofunika kumene kuchaja ndi kolipira. Tsiku limene 2G idzazimidwa anthuwa asanakonzekere, mawu awo adzasowa pa wailesi ndiponso m'mabanja.

Sitikunena kuti 2G ikhale mpaka muyaya. Tikunena kuti mbiri yonseyi ionetsa kuti mabandi amagawidwa ndi anthu okhala pa misonkhano, monga anacitira ku Copenhagen, ku London ndi ku Geneva, ndipo amene kulibe pa msonkhano amalandira zotsala. Mafunde ndi cuma ca dziko, ndipo makampani amangobwereka pa laisensi. Conco pamene a khansala, a phungu kapena a ZICTA abwera pa wailesi kudzakamba za netiweki, tisamathere pa funso lakuti nsanja idzabwera liti. Tifunsenso ngati idzakhala ndi 900 kapena 800, ngati idzanyamula 4G, ndiponso kuti a mafoni a mabatani adzapatsidwa nthawi yotani.

Ndipo pogula foni ya intaneti, makamaka yocokera kunja, onani pa katoni kapena funsani wogulitsa akuonetseni mndandanda wa mabandi. Masiku ano amalemba ndi cilembo B. B8 ndi 900, B3 ndi 1800, B1 ndi 2100, ndipo B20 ndi 800. Ngati mukhala kumudzi kapena mumapitako kawirikawiri, B8 ndi B20 ndiwo oyamba kuwayang'ana, kamera ibwere pambuyo.